Tifa, Kuja ndi mana: kodi opanga magemu anatola mayinawa m'Chichewa?

Funso

Ndakhala ndikusewera magemu a nthano zamatsenga kwa zaka zingapo, ndipo pali chinthu chimene chimandizunguza mutu. Mu Final Fantasy VII muli mtsikana dzina lake Tifa, mu Final Fantasy IX muli mdani wotchedwa Kuja, ndipo m'magemu ambiri mphamvu yochitira matsenga amaitcha mana. Onsewa ndi mawu amene ndimawamva bwinobwino m'chinenero chathu. Mnzanga wina akuti opanga magemu amaba mawu m'zinenero za mu Africa osanena. Mlongo wanga akuti ayi, amenewa ndi mayina a ziwanda, amangowabisa. Zoona ndi ziti? Nanga munthu angadziwe bwanji kuti apa anabwereka, apa zangofanana?

Yankho

Zikomo chifukwa cha funsoli, ndipo ndivomere kaye kuti nanenso dzina la Tifa linandiseketsa nditangoliona koyamba. Kagulu ka anthu kakupita kukalimbana ndi kampani yolamulira dziko lonse, ndiye mmodzi mwa iwo dzina lake ndi "tifa"! Mukanakhala inu mukanamutenga pa ulendo wotero? Chodabwitsa n'chakuti mwini dzinayo safa. Amene amafa ndi mnzake wina, mtsikana wogulitsa maluwa. Pepani ngati ndakuululirani, koma gemuyi inatuluka mu 1997, chinsinsicho chinatha kalekale.

Anzanuwo ndi alongo anuwo aliyense wagwirako mbali ya zoona, ndipo ndibwerera kwa onse awiri. Koma pa mayina atatu amene mwatchulawa onse aphonya. Ine ndikamafufuza chiyambi cha dzina sindiyambira pa khutu, chifukwa khutu limanyenga. Ndimayamba ndi kufunsa kuti dzinali linayenda ndi ndani. Dzina siliwoloka nyanja lokha. Limanyamulidwa ndi buku, filimu, mmishonale, womasulira, kapena munthu amene anakhalako kumalo enaake. Njira imeneyo ikaoneka, ndiye kuti linabwerekedwa. Ikasowa, chimene tatsala nacho m'manja ndi kufanana kwa kamvekedwe basi.

Tiyambe ndi mana, chifukwa mapazi ake onse akuoneka. Liwuli ndi la anthu a kuzilumba za m'nyanja ya Pacific, monga Amaori a ku New Zealand, anthu a ku Hawaii, a ku Fiji ndi a ku Vanuatu. Kwa iwo mana si mafuta a matsenga ayi. Ndi mphamvu kapena ulemerero umene umakhala pa mfumu, pa wankhondo wopambana, pa mwala kapena pa malo, ndipo umadziwika ndi zotsatira zake: munthu zikamamuyendera, anthu amati ali ndi mana. Mmishonale wa mpingo wa Anglican, Robert Henry Codrington, atakhala zaka zambiri ku Melanesia analifotokoza liwuli m'buku lake la mu 1891 lotchedwa The Melanesians. Akatswiri a chikhalidwe cha anthu ku Ulaya analikonda kwambiri, nayamba kulitchula pokamba za chiyambi cha zipembedzo. Kuchoka m'mabuku a kuyunivesite linagwera m'manja mwa olemba nthano. Mu 1969 wolemba wa ku America, Larry Niven, analemba nthano yaifupi imene mana ali ngati chuma cha m'nthaka, choti amatsenga akamachigwiritsa ntchito chimatha monga chitsime chimaphwera. Ganizo limeneli ndi limene opanga magemu ankalisowa, pakuti kompyuta imafuna chinthu chowerengeka. Mphamvu yoti imatha n'kudzadzanso ukhoza kuipatsa nambala, ukhoza kuijambula ngati mpira wa madzi a buluu m'munsi mwa sikirini monga mu Diablo. Ndipo ena mwa opangawo sanabise ngongole yawo. M'masewera a makadi a Magic: The Gathering, amene anatuluka mu 1993, muli khadi lotchedwa Nevinyrral's Disk. Chotsani s wakumapetoyo n'kuwerenga liwu loyambalo chobwerera m'mbuyo, mupeza Larry Niven.

Choncho mana a m'magemu alibe ubale ndi mneni wathu wa kumana, ngakhale amatimanadi pa nthawi imene tikuwafunitsitsa. Alibenso ubale ndi mana a pa Eksodo 16, amene Aisiraeli ankatola m'chipululu. Amenewo ndi a Chiheberi, ndipo lembalo limawagwirizanitsa ndi funso limene anthuwo anafunsana, lakuti "n'chiyani ichi?" Mawu atatu, a m'zinenero zitatu zosadziwana, koma zilembo zinayi zomwezomwezo.

Njira ina imene ndimaikonda chifukwa cha kukhotakhota kwake ndi ya Bahamut. Wosewera Final Fantasy aliyense amamudziwa ngati mfumu ya zinjoka zouluka. Koma m'mabuku akale a Chiarabu ofotokoza kapangidwe ka dziko, monga la al-Qazwini wa m'zaka za m'ma 1200, Bahamut ndi chinsomba. Dziko lili pa mapewa a mngelo, mngelo waima pa thanthwe, thanthwe lili pamsana pa ching'ombe, ndipo ching'ombecho chaima pa nsomba ija. Mapiko palibe, moto palibe. Dzinali akatswiri amaligwirizanitsa ndi Behemoti wa pa Yobu 40, chilombo chodya udzu ngati ng'ombe, chimene Mabaibulo ena amangochimasulira kuti mvuu. Nanga nsomba inasanduka liti chinjoka? Munali mu 1977, m'buku la zilombo la masewera a patebulo a Dungeons & Dragons, pamene olemba ake anapatsa dzinali mfumu ya zinjoka zabwino. M'buku lomwelo Tiamat, mulungu wamkazi wa nyanja wa ku Babulo, anasanduka chinjoka cha mitu isanu. Patapita zaka khumi, mu 1987, a kampani ya Square ku Japan popanga Final Fantasy yoyamba anatengera zilombo zambiri m'masewera amenewo, ndipo Bahamut ndi Tiamat analowa ali zinjoka kale. Zotsatira zake n'zoseketsa. M'magemu a Final Fantasy muli Bahamut, mulinso chilombo china chapachokha chotchedwa Behemoth, dzina limodzi lolowera makomo awiri. Ching'ombe chija nacho chinadzatulukira mu Final Fantasy VII ndi dzina lakuti Kujata.

Mukuona apa kuti opanga magemu kawirikawiri satunga pa kasupe. Amatunga mumtsuko wa amene anatunga kale, ndipo mitsuko iwiri ikuluikulu ndi Dungeons & Dragons ndi mabuku a J. R. R. Tolkien. Chitsulo cha mithril, chimene magemu ena amalemba mythril, Tolkien ndiye anachipeka. Nayenso Tolkien anali wotunga: dzina la Gandalf analipeza pa mndandanda wa mayina a m'ndakatulo yakale ya ku Iceland yotchedwa Völuspá.

Tsopano tibwere kwa Tifa ndi Kuja, ndipo apa mundilole ndichite masamu pang'ono. Chijapani ndi Chichewa zimafanana pa chinthu chimodzi chachikulu. Zonse zili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa vawelo. Tiyerekeze kuti muli ndi makonsonanti 15 ndi mavawelo 5. Mupanga maphatikizo 75. Mayina a maphatikizo awiri amene angatuluke pamenepo ndi 75 kuchulukitsa ndi 75, omwe ndi 5,625 okha. Pa dziko lapansi pali zinenero pafupifupi 7,000, chilichonse ndi mawu ake zikwizikwi. Zikatero, kupeza kuti dzina lalifupi la m'gemu lili ndi tanthauzo m'chinenero chinachake si chodabwitsa. Chodabwitsa chikanakhala kupeza dzina loti lilibe tanthauzo kulikonse. Ndipo ife olankhula zinenero za Chibantu timagundana ndi mayina a Chijapani kuposa mmene Mjeremani angagundirane nawo, chifukwa njerwa zomangira mawu athu ndi awo n'zofanana.

Taonani Kuja yemweyo. Kwa ife ndi kuloza malo, Mswahili amamva kubwera, ndipo m'chinenero chakale cha ku India cha Sanskrit, Kuja ndi limodzi mwa mayina a pulaneti ya Mars. Mu The Legend of Zelda: Twilight Princess ya mu 2006 muli kamwana kokhwima nkhope kamene kamatsegula sitolo, dzina lake Malo. Ife timva malo okhala, Msipanishi amva munthu woipa. Mu Ocarina of Time ya mu 1998 mwana wamkazi wa mfumu ya anthu a m'madzi ndi Ruto, ndipo kuyambira mu 2022 pulezidenti wa dziko la Kenya ndi William Ruto. Wina akhoza kumanga nkhani pamenepo, koma dzinalo linayamba kuoneka ngati dzina la mudzi mu Zelda II mu 1987. Ngakhale akatswiri a zinenero ali ndi chitsanzo chawo chimene amachenjezera nacho ophunzira: m'chinenero cha Mbabaram cha ku Australia galu ankamutcha dog, ndendende ngati m'Chingerezi, popanda kubwerekana kulikonse. Tolkien naye anafunsidwapo ngati ufumu wake wa Gondor anautengera ku Gondar, mzinda wa nyumba zachifumu zamiyala ku Ethiopia. M'kalata ya mu 1971 anayankha kuti ayi, dzinalo analimanga pa tsinde lotanthauza mwala m'chinenero chake chopeka. Malo awiri amiyala, kusiyana chilembo chimodzi, ubale palibe.

Pali msampha wina umene ambiri sauona. Dzina limene mukuwerenga pa sikirini nthawi zambiri si limene wolemba nkhaniyo analemba. Mayina achilendo Ajapani amawalemba m'zilembo zotchedwa katakana, zimene zimangosunga kamvekedwe ka Chijapani. Sizisiyanitsa l ndi r (apa ife tisawaseke), ndipo th wa Chingerezi mulibe. Wogulitsa maluwa uja m'Chijapani ndi Earisu. Womasulira wa mu 1997 analemba Aeris, kenako kuyambira pa Kingdom Hearts ya mu 2002 kampani inakhazikika pa Aerith, ndipo osewera akale mpaka lero amatsutsana kuti lenileni ndi liti. Mtsogoleri wa Final Fantasy IX, kambava kokhala ndi mchira, m'Chijapani ndi Jitan. M'Chingerezi anamulemba Zidane, ndipo izi zinachitika mu 2000, pamene Zinedine Zidane anali atangotenga chikho cha dziko lonse cha 1998 ndi cha Euro 2000 ndi timu ya France. Ku France komweko gemuyo inatuluka ndi dzina lakuti Djidane. Wofunafuna ubale pakati pa kambava ka mchira kaja ndi katswiri wa mpira akungodzivutitsa, kufananako kunabadwira pa desiki ya womasulira.

Chrono Trigger ya mu 1995 ndiye inaonjeza. M'Chingerezi muli anzeru atatu otchedwa Gaspar, Melchior ndi Belthasar, mayina amene mwambo wa mpingo unapatsa anzeru a kum'mawa aja, ngakhale Mateyu 2 satchula mayina awo kapena chiwerengero chawo. Anthu ena amamanga matanthauzo akuluakulu a Chikhristu pa mayinawa. Koma anawaikamo ndi womasulira, Ted Woolsey. M'Chijapani atatuwa ndi Hasshu, Bosshu ndi Gasshu. Akazembe atatu a mdani, amene m'Chingerezi ndi Ozzie, Slash ndi Flea potengera oimba nyimbo za rock, kwawo anawatcha mayina a viniga, msuzi wa soya ndi mayonezi. Mtsogoleri wa gemuyo analembedwa Crono, wopanda h, chifukwa malo a dzina ankangolola zilembo zisanu. Mu Zelda II muli bambo wina amene ukalowa m'nyumba mwake amangoti iye ndi Error, ndipo kwa zaka zambiri osewera ankayesa kuti gemu yasokonekera. Sinasokonekere. Inali nthabwala ya opanga mapulogalamu: panali Error ndi mnzake Bug, koma womasulira sanaizindikire, nalemba wachiwiriyo kuti Bagu. Hatchi ya Geralt, mtsogoleri wa mu The Witcher, nayo yavutika. M'Chipolishi ndi Płotka, mtundu wa kansomba ka m'mitsinje. M'Chingerezi nsombayo ndi roach, liwu limene ku America limatanthauzanso mphemvu, moti osewera ambiri amakhulupirira kuti mkuluyo amatcha hatchi yake mphemvu.

Maloya nawonso amatcha mayina. Dragon Quest inatuluka ku America mu 1989 ngati Dragon Warrior chifukwa dzina lenilenilo linali la masewera ena a patebulo, ndipo linabwerera mu 2005. Eni Dungeons & Dragons atawopsezedwa ndi eni ufulu wa nthano za Tolkien, mayina a zolengedwa za m'nthanozo anasinthidwa: hobbit anasanduka halfling, ent anasanduka treant, balrog anasanduka balor. Kadabra wa mu Pokémon, wonyamula supuni uja, m'Chijapani dzina lake limamveka ngati la Uri Geller, wochita zodabwitsa wodziwika ndi kupinda masupuni. Geller anasumira Nintendo mu 2000, khadi la Kadabra linasowa kwa zaka pafupifupi 20, mpaka Geller mwiniwake anapepesa mu 2020 ndipo khadilo linabwerera mu 2023.

Pamene opanga magemu anaulula okha kumene anatenga mayina, zoona zake zimakhala zazing'ono kuposa mphekesera. Shigeru Miyamoto, mmodzi mwa opanga The Legend of Zelda, ananena kuti Zelda, wa gemu ya mu 1986, anamutcha potengera Zelda Fitzgerald, mkazi wa wolemba mabuku F. Scott Fitzgerald, chifukwa dzinalo linamukomera m'khutu. Kenako katswiri wa mafilimu Robin Williams anatcha mwana wake wamkazi Zelda potengera gemuyo, ndiye dzina linachoka kwa munthu, kulowa m'gemu, n'kubwereranso kwa munthu. Dziko la Dragon Age limatchedwa Thedas, dzina lomveka lakale ndithu, koma ndi chidule cha mawu akuti The Dragon Age Setting, amene olemba ankangogwiritsa ntchito podikira dzina lenileni, mpaka linakakamira. Akatosh, mulungu wamkulu wa mu The Elder Scrolls, ndi zilembo zoyamba za mawu akuti Also Known As The Old Smaug Himself, mmene ankasainira mmodzi mwa anthu oyesa gemu isanatuluke, ndipo mulungu wina, Julianos, ndi Julian LeFay, mmodzi wa atsogoleri a ntchitoyo. Mu Wizardry ya mu 1981 wamatsenga woipa ndi Werdna ndipo mfumu ndi Trebor, ameneyo ndi Andrew ndi Robert chobwerera m'mbuyo, mayina a opanga gemuyo. Mlenje wa mu World of Warcraft, Hemet Nesingwary, ndi zilembo za Ernest Hemingway zosakanizidwa. Agoron a mu Zelda, anthu amiyala ogubuduka aja, dzina lawo likufanana ndi mvekero wa Chijapani wakuti goro goro, umene ife tikanati gubudu gubudu. Ngakhale dzina lakuti Final Fantasy lili ndi nthano yake yokoma, yakuti kampani inali pafupi kugwa ndiye iyi inali gemu yotsiriza. Mu 2015 Hironobu Sakaguchi, amene anayambitsa gemuyo, anafotokoza kuti zinthu zinalidi zothina, koma chimene ankafuna ndi dzina lofupikitsidwa kuti FF, ndipo Fighting Fantasy linali litatengedwa kale ndi mabuku ena a ku Britain. Nthano yokomayo ndi imene ikufalabe.

Tsopano kwa anzanu aja. Akunena zoona kuti mawu a mu Africa alimo m'magemu, koma amene alimo njira zawo zimaoneka. Liwu lakuti zombie akatswiri ambiri amalilondola kufika ku zinenero za chigawo chapakati cha Africa monga Chikongo, kumene kuli mawu ngati nzambi ndi zumbi okhudza mulungu ndi mizimu. Linawoloka nyanja ya Atlantic m'zombo za akapolo n'kukhazikika ku Haiti. Mu 1929 William Seabrook wa ku America analilemba m'buku lake lonena za Haiti, mu 1932 linalowa mu filimu ya White Zombie, ndipo kuchoka pamenepo silinaimenso. Bwonsamdi, mzimu wa imfa mu World of Warcraft, ndi Baron Samedi wa chipembedzo cha Vodou ku Haiti komweko. Chitsanzo chaposachedwa ndi dera la Natlan, limene Genshin Impact inatsegula mu 2024. Kumeneko kuli Ororon, dzina lochokera kwa Olorun, Mulungu wam'mwambamwamba wa Ayoruba, komanso Iansan, wochokera kwa Iansã wa chipembedzo cha Candomblé ku Brazil, chimenenso mizu yake ndi ya Chiyoruba. Osewera ambiri anadandaula poyera, ena pa kalembedwe ka dzinalo, ena poona kuti dzina ndi la mu Africa koma mwini dzinayo anamujambula woyera khungu. Ine ndili kumbali ya odandaulawo. Kubwereka dzina si mlandu, nthano zonse zimabwerekana. Chimene chimandinyansa ndi kutenga dzina la anthu n'kuwasiya anthuwo panja.

Alongo anu nawo sanalote. Mayina a ziwanda alimodi m'magemu ena, koma sabisidwa, ali poyera. M'zaka za m'ma 1600 ku Ulaya kunasonkhanitsidwa buku la zamatsenga lotchedwa The Lesser Key of Solomon, ndipo gawo lake loyamba, Ars Goetia, limatchula ziwanda 72. Paimon, kamnzako kouluka ka mu Genshin Impact, dzina lake lili pa mndandanda umenewo, pamodzi ndi Barbatos, Morax ndi Buer, amene m'gemumo ndi milungu ya madera. Opangawo amautenga mndandandawo ngati nkhokwe ya mayina omveka bwino, n'chifukwa chake Barbatos wawo ndi mnyamata woimba zeze wokonda vinyo. Mu Diablo muli Baal, Mephisto ndi Lilith. Baal ndi liwu la Akanani lotanthauza mbuye kapena mwini, Mephisto ndi wa m'nthano ya Faust ya ku Germany. Dzina lakuti Diablo m'Chisipanishi ndi mdyerekezi, komabe David Brevik ananena kuti analitenga ku phiri la Mount Diablo ku California, limene ankakhala pafupi nalo ali mnyamata. Ngati chikumbumtima cha alongo anuwo sichiwalola kusewera gemu yokhala ndi mayina otere, imeneyo ndi nkhani yawo ndipo muwalemekeze. Chimene ine ndinganene n'chakuti Tifa ndi Kuja pa mndandanda wa 72 uja palibe. Ndipo pa mayina afupiafupi masamu aja amagwiranso ntchito. Mara mu The Elder Scrolls ndi mulungu wamkazi wa chikondi ndi ukwati. Mara mu Shin Megami Tensei ndi chiwanda chimene chinayesa Buddha, ndipo ameneyu anabwerekedwadi. Mara pa Rute 1:20 ndi dzina limene Naomi anadzipatsa, lotanthauza kuwawa. Mukangomva Mara osafunsa kuti wa m'gemu iti, mukhoza kuweruza wosalakwa.

Nthawi zina dzina limakhala bwinobwino, ndiye dziko n'kulipeza. Kingdom Hearts III inatuluka mu Januwale 2019 ili ndi ufumu wotchedwa Corona, kuchokera mu filimu ya Tangled ya mu 2010, mmene mtsikana amakhala wotsekeredwa mu nsanja. Chaka chotsatira anthu anayamba kunena kuti analosera mliri wa korona. Corona ndi chisoti chachifumu m'Chilatini, ndipo tizilombo tija tinapatsidwa dzinalo zaka zambiri m'mbuyomo chifukwa cha maonekedwe ake. Mu gemu ya Smite, mulungu wamkazi wa ku Iguputo Isis anasinthidwa kukhala Eset mu 2021, chifukwa dzina lake la zaka zikwi zingapo linali litayamba kusokonezedwa ndi la gulu la zigawenga.

Nkhani yovutirapo ndi ya Elden Ring ya mu 2022, imene mbiri ya dziko lake anathandiza kulemba George R. R. Martin. Osewera anaona kuti mayina a akuluakulu a m'gemumo amayamba ndi G, R kapena M: Godfrey, Godrick, Radagon, Rennala, Ranni, Radahn, Marika, Malenia, Morgott, Mohg. Anati wabisa zilembo za dzina lake. Martin anakana, nati wakhala akupatsa abale mayina ofanana kuyambira kale, ndipo alibe chifukwa chobisira dzina limene lalembedwa kale pa gemuyo. Apa njira ilipo, munthu alipo, mayina ndi ambiri, koma mwiniwake akukana. Ine ndimamukhulupirira kuti sanachite dala. Kuti dzanja la munthu limathamangira zilembo zimene lazolowera, imeneyo ndi nkhani ina.

Mwafunsa kuti mungasiyanitse bwanji. Choyamba pezani mmene dzinalo linalembedwera m'chinenero chimene gemu inapangidwira, kuti musalimbane ndi womasulira. Kenako onani chaka, chifukwa dzina silingatengere chinthu chimene chinabwera pambuyo pake. Koma chimene ndimadalira kwambiri ndi kuyang'ana anzake a dzinalo, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Wobwereka sabwereka liwu limodzi. Akatsegula buku amatolamo angapo. Mu Final Fantasy VII mzinda waukulu ndi Midgar, mudzi wa kumapiri ndi Nibelheim, ndipo mulinso Odin. Onsewa akuloza ku nthano za anthu akale a ku Scandinavia, kumene kuli Midgard, dziko la anthu, ndi Niflheim, dziko la nkhungu ndi chisanu. Atatu akaloza kumodzi, pamenepo palibe mwangozi. Mdani wamkulu, Sephiroth, dzina lake ndi la masefiroti khumi a chiphunzitso cha Chiyuda cha Kabbalah. Mmodzi mwa khumiwo ndi Tiferet, kutanthauza kukongola, ndipo n'chifukwa chake osewera ambiri amaganiza kuti Tifa ndi chidule cha liwu limenelo. Ndi maganizo a osewera, komabe ali ndi pogwira, chifukwa buku limene munachokera Sephiroth linali lotsegula kale pa tebulo la olembawo. Chichewa chilibe pogwira potero. M'gemu yonseyo Tifa alibe mnzake wachiwiri wa chinenero chathu, ndipo tanthauzo lathu silikugwirizana ndi mwini dzina, amene amamenya nkhonya kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto osafa. Akanakhala wolankhula Chichewa amene ankagawa mayinawo, dzinali akanalipereka kwa wogulitsa maluwa uja.